Mwala Wapepo wa Alfonsi

"Chotsa mwala wapepowo, Tamanda, ukutichedwetsa," analemba Sheila, mtsogoleri wa gulu lathu m'gemu. Iye ali ku Lusaka, pa intaneti ya kuofesi.

Ine ndinali pachulu kuseri kwa khola, pokhapo pamene netiweki imagwira kuno ku Chiparamba. Digiri yanga ikupumula m'sutikesi. Nkhondo ndimamenyera pafoni.

M'gemumo chovala chankhondo chimawala ndi kuwonjezera mphamvu chikakhala ndi miyala iwiri yofiira ndi iwiri yabuluu. Wapepo umawerengedwa mbali zonse ziwiri, koma ndi wofooka. Sheila anali atanditumizira wofiira wamphamvu woti ulowe m'malo mwake.

Mwala ukauchotsa umasweka.

"Ndikachotsa wapepo, yabuluu iperewera," ndinayankha. "Chovala chizima."

"Mnzathu Boaz akupatsa wabuluu. Palinso china?"

Ndinakhudza mwalawo ndi chala. Pansi pake panatuluka timalemba: Wosema ndi Alfonsi. Achimwene anga anausema okha, n'kundiseka kuti mlongo waulesi amafunika mwala wogwira ntchito ziwiri. Chipitireni kumanda, dzina lawo limaonekera pokhapa.

"Tamanda, tikulowa. Ukubwera kapena titenge wina?"

Mbuzi inakwera pachulupo, inandiyang'ana, n'kutsika.

"Tengani wina," ndinalemba.

Analowa m'phanga la chilombo mmodzimmodzi, chitseko n'kutsekeka. Msilikali wanga anatsala panja yekha. Yofiira iwiri, yabuluu iwiri: chovala chinali chikuwalabe.