Makadamiya a Malemu Pearson

"Ndalama zanga ndi zimenezi?" Estere anafunsa, akukankha thumba la makadamiya ndi phazi.

"Ogula akunja sanabwere chaka chino, mayi," anatero kapitawo wa esiteti. "Tengani mtedza wanuwo. Azungu amaukonda."

"Ku Kachulu munawaonako azungu inu?"

Mwamuna wa Estere, Pearson, munthu wosamva zonena anzake, anagulitsa boti n'kugula mitengo ya makadamiya kumapiri, ati kampani izisamala, iye azingolandira. Anamwalira mitengoyo isanabale. Tsopano nyanja ya Chilwa inali itaphwa, ana akugona ndi njala.

Kunyumba Estere anayesa kusinja mtedzawo, koma mtondo ndiwo unang'ambika. Anasenza thumba lija kupita kudoko la Kachulu kukagulitsa. Tsiku lonse anthu ankangofunsa ngati ndi mankhwala.

Kenako anafika a Kondwani, amene anagula boti lija. Botilo linali litangokhala pamatope ouma. Anatola mtedza umodzi n'kuugubuduza m'manja.

"Alamu, wabwinotu uwu. Ndipimireni mbale imodzi."

"Mukauswa ndi chiyani?"

"Kuswanso? Tikaseweretsa bawo, nkhomo zathu zinatayika. Madzi kulibe, tizitani ife?"

Estere anawapimira. Ana anali asanadye.