Phazi Lamanzere la Che Swadick

Amuna anga, Che Swadick, anaiwala kofia kudzenje la bomba, kumalire a Katuli. Titaswali Isha, pemphero la usiku, ndinawaperekeza ndi tochi.

Dzenjelo ndi pomwe bomba lokwirira la nkhondo ya ku Mozambiki linawadula mwendo wamanzere ali mnyamata. Lero ndi malo achikumbutso. Tinabzalamo nthochi, ndipo azimayi timasinthana kusesapo madzulo aliwonse.

Tsikulo ndinasesa ndine. Koma nditaunika, pamchenga panali mapazi ochokera m'dzenjemo, onse amanzere. Chala chachikulu chinali chokhota ngati cha ana athu onse.

"Tiyeni tithawe, bambo a Asiatu," ndinanong'ona.

Iwo anatola kofia, n'kuikung'untha, n'kuivala bwinobwino.

"Wabwera lero?" anafunsa akuyang'ana mapaziwo. "Popanda iwe ndakwatira, ndalima, ndalera ana asanu ndi mmodzi. Umayesa ndikukudikira?"

Tinanyamuka, iwo osapupuluma n'komwe, ndodo ikugunda pansi ngati masiku onse. Kumbuyo kwathu, china chake chinayamba kuponda mchenga.

"Musacheuke, mayi a Asiatu," anatero akuseka. "Kale phazi langali linkatsogola, n'kundipondetsa bomba. Lero libwere pambuyo."