Dokowe Ati Amakaniko Achuluka

Padangokhalatu, anzanga, Adokowe ndi Akakowa anaphatikiza magulu awo. Mapiko a Adokowe ankakonza ndi Nyerere, a Akakowa ankakonza ndi Linthumbu.

"Amakaniko mwachuluka," anatero Dokowe, mtsogoleri watsopano. "Nyerere, konzani phiko langa lamanja, Linthumbu lamanzere. Wochedwa, ntchito yatha."

Nyerere anapambana, Linthumbu n'kuthamangitsidwa asanamalize. Koma Nyerere mtima unamuwawa. Mnzakeyo ngoluma, inde, koma nayenso ali ndi ana.

"Malizani linalo," anatero Dokowe.

Nyerere ndi anzake anangokhala pansi, manja lende. "Ntchito ya mnzathu sitikhudza, bwana."

Atapsa mtima, Dokowe anauluka choncho, n'kuzungulira ngati nguli, m'matope thapsa!

Nyerere anamupukuta kumaso mwachifundo. "Pepani, bwana. Nanga pa mapiko anu awiriwa, lachuluka ndi liti?"