Mawondo a Njati

Padangokhala Njati, amene nkhupakupa zinamusowetsa mtendere. Analemba akakowa ntchito ya ulonda, nawapatsa buku la malamulo awiri: tsamba loyamba linkati "Jomphani," lachiwiri linkati "Lekani." Poti akakowa sankadziwa kuwerenga, Nkhwali ndi Nkhono anayamba kulimbirana zowawerengera.

"Amene ayambe kufika pabukuli m'mawa ndiye aziwerenga," anatero Njati, akudzimva kuti waweruza mwanzeru.

Nkhwali ankafika Nkhono asanatulutse ndi nyanga zomwe. Ankafuula tsamba loyamba, akakowa n'kumajompha, nkhupakupa mpaka kutha psiti. Koma Nkhwali anali atakomedwa ndi mawu ake. Tsiku lililonse ankangoti "Jomphani," ndipo akakowa, posowa mdani, anatembenukira mawondo a bwana wawo. Mawondowo anatupa, natentha ngati mbaula, moti m'mawa Njati ankalephera kudzuka.

"Mukundipweteka, inu alonda anga," anabuula Njati.

"Ife timangochita zomwe atiwerengera, bwana."

Madzulo ena Nkhono anafika ali wefuwefu. "Bwana, ndiloleni nditsegule tsamba lachiwiri. Nkhupakupa zinatha kalekale."

"Zinatha?" anaseka Nkhwali. "Taonani mmene mawondowa atupira. Mdani ali m'kati, tiwonjezere alonda."

Njati anayang'ana Nkhono, kanthu kakang'ono kolankhula motsitsa, kenako anayang'ana Nkhwali, wa mawu odzaza dambo lonse. Anathamangitsa Nkhono, nalemba akakowa ena makumi awiri.

Mpaka lero Njati amayenda chotsimphina, akuyamika Nkhwali kuti pakanapanda iye bwenzi atafa. Yanga yathera pamenepa.