Kalata Yochokera ku Joni

Dzuwa lisanatenthe, Shamsa anali atatunga madzi kumjigo, atachapa matewera, atayanika mpunga pamkeka n'kupempha mnansi kuti aziingitsa nkhuku. Inatsala ntchito imodzi, imene ankaizemba: kukakonzetsa zimene anawononga pa foni.

Anatsika kabaza pa Benga, mwana wake Rahila ali kumsana, n'kulowa m'kashopu ka Flossie, mtsikana wosindikiza mapepala amene ankayang'aniranso imelo ya kalabu ya amayi olima mpunga.

Mwamuna wa Shamsa, Amiri Sailesi, anali atabwera ndi nkhani yoti wapeza ntchito ku Joni, pakampani yokonza nsomba. Ulendo umafuna ndalama, ndipo cha mtengo pakhomopo linali dimba la mpunga la ku Bua, la mbumba ya kwawo kwa Shamsa. Amalume ake, a Abdulhamid, anati dimba la makolo siliikidwa pachikole chifukwa cha mawu a mkamwini. Aone kaye kalata ya ntchitoyo. Amiri anati palibe vuto, akampani atumiza pa imelo ya kalabu, ija imatseguka pa foni ya Shamsa, kuti aione ndi maso awo.

Kalatayo sinafike. Ndipo masiku omwewo foni itadzaza, Shamsa anali atafufuta zinthu zambiri zachingerezi zimene sankazimva, kuti zithunzi za Rahila zipeze malo.

Amiri sanakalipe. Ankangoti, "Basi, mwayi wapita," n'kukakhala pakhonde. Bola akanakalipa. Chimene chinkamudya kwambiri Shamsa n'chakuti pa swala, kangapo konse, anapemphako Mulungu chamumtima kuti kalatayo isabwere, poopa kutsala yekha ndi khanda. Ndiye anapita kwa amalume, nagwada, nanama kuti kalatayo anaiona yekha asanaifufute mwangozi. Amalume anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anavomera. Dimba linapita pachikole, ndipo dzulo la tsikuli Amiri anakwera basi ya ku Lilongwe kukatenga pasipoti.

"Asisi, ndithandizeni," anatero Shamsa, akuika foni patebulo. "Ndinafufuta kalata ya bambo a kunyumba. Akuifuna pa boda, komanso amalume ndiyenera kuwaonetsa."

"Khalani pansi, mayi. Mwanayo mumumasule, watuluka thukuta."

Flossie anayang'ana mu zofufutidwa. Munali mauthenga a mitengo ya feteleza ndi otsatsa malonda basi. Anayang'ana mu zinyalala. Munalibe.

"Mwina ndinafufutiratu mpaka kumizu," anatero Shamsa.

"Inu ndi chala chanucho? Mukudzitama." Flossie anaseka, n'kutembenukira ku kompyuta. "Tiyeni tione kuchipata."

"Chipata chiti?"

"Kalata iliyonse isanalowe kwa inu imaima kaye, ngati minibasi pa rodibuloko. Amene amatisungira makalata amafunsa kwa eni dzina: kodi iyi yachokeradi kwanu? Ili ndi chidindo chanu? Eni ake akati sitikuidziwa, imatsekeredwa kunja. Foni yanu siiona n'komwe."

Anadina apa, nadina apo. Rahila anagwira waya wa makina osindikizira, amayi ake anamulanda osayang'ana.

"Ndi izi kalatazo," anatero Flossie. "Zitatu, zonse za dzina la kampani ya nsomba. Zonse zinakanidwa."

Shamsa anaima. "Ndiye sindinafufute?"

"Mukanafufuta bwanji chinthu chimene sichinalowe?"

Anakhalanso pansi. Mtima unapepuka pang'ono, koma bodza lija linali pomwepo. "Zitsegulireni zilowe, asisi. Musindikize imodzi, ndipite nayo kwa amalume lero lomwe."

"Kutsegula ndingathe, koma ndimveni kaye." Flossie analoza ndi cholembera. "Nthawi zina kampani imakhala yoona, kungoti anthu ake sanakonze bwino za chidindo. Zikatero ndimawaimbira, amakonza, makalata amalowa. Koma awa zawo zili bwinobwino. Kalatazi sizinatuluke m'makina awo. Wina wangovala dzina lawo ngati yunifomu yobwereka."

"Ndiye ntchitoyo..."

"Palibe ntchito, mayi. Awa ndi aja amati tumizani ya pasipoti, tumizani ya thiransipoti. Muwaimbire bambowo asapatse munthu aliyense kanthu."

Shamsa anatola foni, akuganiza za Amiri. Munthu wosalakwa uja ali ku Lilongwe ndi ndalama ya dimba m'thumba, akuba akumudikira. Ndipo ndi iye, ndi bodza lake, amene anamukankhira m'kamwa mwawo. Amalume akanaumirira kuona kalata, bwenzi Amiri ali pakhomo. Anaimba. Foni inali yozima. Anaimbanso. Yozima.

"Sakuyankha. Asisi, wakubayo sangadziwike? Ndipite kupolisi asanawapeze."

"Ambiri amabisala. Koma uyu ndi wophunzira kumene, wasiya adiresi yake yeniyeni pansipa, poti mayankho azibwerera." Flossie anasendera pafupi ndi kompyuta, nakwinya nkhope. "Iyitu ndinatsegula ndine, mwezi watha, mwini wake atakhala pampando mwakhalapowo. Bambo waulemu wake, anachita kundifunsa ngati dzina la pamwamba pa kalata limasinthika. Amiri Sailesi. Mukumudziwa?"

Shamsa anabereka Rahila, namanga nsalu mwamphamvu. Zinali zitapita: dimba la ku Bua, mpunga wa chaka chamawa, ndi mawu ake pamaso pa amalume.