Lamba Amene Ndinadula

Pali chinthu chimene mpaka dzulo ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale wansembe polapa. Supachaja ya achimwene anga a Jhunrey ndinaipha ndine, ndi sizasi ya amayi yodulira nsalu.

Anaimangitsa mu Febuluwale pa galimoto yawo yofiira, imene ndi yaikulu kwa ine ndi zaka zinayi. Ndi chitsulo chonyezimira chimene chimakankhira mpweya mu injini kuti galimoto izithamanga ngati yaba kanthu. Inkafunikadi kwambiri, poti ulendo wawo wa tsiku ndi tsiku ndi wa kumsika wa ku Lipa, kumene ngakhale wogulitsa chimanga woyenda pansi amatipitirira pa mdipiti wa magalimoto. Koma Lamulungu masana achimwene ankalowera kumsewu waukulu kukaithamangitsa. Bambo athu anafera pamsewu umenewo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwathu sitikamba zimenezo.

Ine kulankhula sinditha. Kusukulu aphunzitsi ena anandimva mawu koyamba tsiku lotsanzikana. Ndiye m'malo molankhula ndinafufuza pafoni, ndipo ndinapeza kuti supachaja yopanda lamba woizungulitsa ndi chitsulo chabe. Lamulungu lina m'mawa ndinanamizira m'mimba, onse n'kupita ku Misa. Ndinatsegula boneti. Malamba analipo atatu. Ndinasankha wooneka watsopano, poti chinthucho chinali chatsopano. Sayansi ndinakhoza bwino, musandione chonchi. Ndinamudula n'kumubisa m'chikwama changa chakale cha kusukulu.

Achimwene sanazindikire kanthu. Iwo boneti amatsegula pofuna kujambulitsa basi.

Kuyambira pamenepo ndinkasangalala ndekhandekha. Anzawo ankabwera pakhomo, kuzungulira galimoto manja kumbuyo ngati madokotala. Injini ikalira, chinthucho chinkaimbabe kamluzu kake, mwina mphepo pongodutsamo, iwo n'kumati, "Mwamva, akulu? Mphamvu imeneyo!" Akabwerako kokayesa ankatsika malaya atanyowa, akulumbira kuti aona imfa ndi maso. Amuna akuluakulu kuopa mtembo wa chitsulo.

Ine ndinkakhala kutsogolo phee, ndikunyambita ayisikilimu. "Basi pomwepa, achimwene? Pondani!" Ankaponda. Mitengo ya kokonati inkadutsa msangamsanga ndithu, koma munthu ukadziwa zoona zake suopa. Ndinatchuka. Ankati Tintin wamanyazi uja ali ndi mtima wa mwamuna.

Amene sankasangalala ndi alamu anga a Cherrylyn. Iwo amagulitsa zipangizo za galimoto m'sitolo ya bambo awo, koma yofiirayi ankaitcha mkazi mnzawo, moti pansi pa boneti yake sankafuna kusuzumirapo. Anali oyembekezera, ndipo chilimwe cha chaka chino chinkasungunula phula. Eyakoni, yoziziritsa mpweya m'galimoto, nayo inasiya kugwira ntchito. Kwa anzawo achimwene ankadzitama kuti anaichotsa dala, poti akatswiri a liwiro amatero, akuti imadya mphamvu. Kwa akazi awo ankalumbira pa Mariya Woyera kuti sanaikhudze. Alamu ankapita kusikelo mawindo ali pululu, akudzikupiza ndi kabuku ka kuchipatala.

Dzulo m'mawa ndinawapeza ataima pambali pa galimotoyo, sutikesi ili pansi, dzanja lili m'chiuno. Mimba ya miyezi isanu ndi itatu.

"Ndikupita kwathu," anatero alamu. "Mwana wanga sakwera m'bokosi la maliro loimba mluzu. Mwandiwotcha miyezi itatu ngati nsomba yapamakala, ndapirira. Koma umasiye ayi, a Jhunrey. Amayi anu akwanira."

"Mayi a mwana, tamverani kaye. Liwiro limenelitu lidzatithandiza tsiku lothamangira kuchipatala."

"Kuchipatala kwake mbali iti? Yakumbuyo kuja, kosungira mitembo?"

Achimwene anayang'ana galimoto, anayang'ana akazi awo, anayang'ananso galimoto. Kachiwiri kameneko ndiko kanawononga zinthu. Alamu ananyamula sutikesi.

Ndinaona kuti banja likutha chifukwa cha chinthu chakufa, ndipo wodziwa za imfayo ndinali ine ndekha. Ndinathamangira kuchipinda, n'kubwerako ndi chikwama. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Alamu, musapite. Chinthuchi sichigwira ntchito. Ndinadula lamba wake mu Malichi. Liwiro lonse lija linali la m'mutu mwawo basi."

Ndinamutulutsa lambayo n'kumukweza m'mwamba ngati satifiketi. Achimwene anakhala pansi pasimenti, pakamwa pali yasa. Kunena zoona ndinamva kukoma. Ndinadikira kuti alamu andikumbatire.

Anatula sutikesi. Anamulandira lambayo, anamutembenuza, anawerenga manambala a pamsana pake monga amachitira kusitolo. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, thukuta likutsikira m'khosi.

"Tintin, mng'ono wanga. Uyu ndinachita kumusankha ndekha pashelefu ya bambo, nditangodziwa kuti ndili ndi pakati," anatero pang'onopang'ono. "Ndi lamba wa eyakoni."