Dzina la pa Sitepe

Chawanangwa atatula wilibala, anawaonanso mayi ake. Anali pa mulu wa maduka a njerwa m'mbali mwa msewu wa ku Vinthukutu, akufukula ndi kakhasu. Ankagwiritsa dzanja limodzi, poti mkono wamanzere uja unapindika kalekale, akuti atagwa pa njinga.

Madukawo anali nyumba ya malemu bambo ake, a Yotamu. Chivomezi chinaisiya ndi ming'alu yoti mwana wa mbuzi n'kudutsa, ndipo mayi ake, a Fainess, anasamukira m'kanyumba ka kuseri. Komiti ya msewu itapempha njerwa zakale ndi zidutswa za simenti zokwirira maenje mvula isanayambe, Chawanangwa anaipereka nyumbayo osafunsa munthu. Mayi ake anali ku Hara kokolola mpunga. Pobwera anapeza bwalo lokha.

Sanamukalipire. Bola akanatero, munthu umadziwa poyambira kupepesa. Iwo m'mawa mwake anangonyamula kakhasu ulendo wa ku msewu. Anzake a Chawanangwa a pa ganyu ya msewuyo ankatsinana akawaona, iye manyazi atamugwira ngati mkamwini wopezeka m'nkhokwe.

Chimene mayi ake ankafuna, Chawanangwa ankachidziwa. Pomanga nyumba ija, a Yotamu analemba dzina lawo ndi msomali pa sitepe ya pakhonde, simenti ikadali yaiwisi. Chithunzi chawo panalibe, njinga inagulitsidwa. Chotsala cha mwamuna wawo chinali dzinalo, ndiye mwana wobereka yekha n'kulitaya kuti malole a mpunga aziliponda! Zinkamuwawa Chawanangwa.

Makina opsinja msewu anali pafupi kufika, choncho anasiya wilibala n'kuyamba kugubuduza milu ndi manja. Zala zinasupuka. Dzina lija analipeza pansi penipeni pa mulu wotsiriza, sitepe itangobenthuka pangodya, zilembo zili bwinobwino.

Analisenza mpaka pamene panali mayi ake, nagwada m'fumbi anthu akuona.

"Amama, ndinalakwa. Ndinagwetsa nyumba ya adada ngati ilibe mwini. Nali dzina lawo. Ndilinyamula, tikaliike pakhomo panu."

Mayi Fainess anapukuta fumbi pa zilembozo ndi nsonga ya chitenje. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi lomwelo," anatero. "Ndimaopa kuti wina walitola kuti akasunge."

"Tiyeni kunyumba, amama."

"Yayi, mwana wane. Dzenje lakuya kwambiri ndi liti? Pamene pamatitimira malole paja."

Chawanangwa analoza pakati pa msewu, asakumvetsa. Mayi ake anakokera sitepe ija ndi dzanja lawo limodzi, naigwetsera m'dzenjemo chafufumimba.

"Kwirira," anatero, akusisita mkono wopindika uja. "Unandiona liti ine nditakwera njinga? Mkono uwu bambo ako anauthyolera pa sitepe imeneyi."